Khofi wa Achemwali

Achemwali anga anabwerera kumudzi kwathu kwa Santhe m'nyengo yosankha fodya, zigafa zitadzaza, aliyense akununkha fodya kuyambira m'tsitsi mpaka m'zikhadabo. Anali atakhala zaka zambiri ku Joni, mumzinda wa Kepetawuni. Anapita kumeneko kutsatira amuna awo amene ankasamalira maluwa pakhomo pa anthu, ndipo amunawo atamwalira iwo anapirirabe mpaka mawondo atayamba kukana. Mwana wawo wamwamuna anatsala komweko. Ine ndine chitsirizira m'mimba mwa amayi athu, ndipo achemwaliwa ndi amene ankandibereka kumbuyo ndili khanda. Komabe pamwambo wathu mwinimbumba ndine, choncho ndi ine amene ndinakonza nyumba ya malemu amayi ndi kupita kumsewu kukawachingamira.

Munthu akachokera ku Joni, anthu amayamba ayang'ana katundu asanayang'ane nkhope. Ena ankayembekezera mipando ya sofa, ena firiji, ena mpaka galimoto. Koma basi itaima panatsitsidwa masutikesi ndi katoni imodzi yomangidwa ndi chingwe, basi. Masutikesiwo anawapereka kwa anyamata a kabaza mosavuta, koma katoniyo anaikaniza. Anaifungatira pamiyendo njira yonse ngati mwana wodwala. Mkazi wanga, amene ndinamutengera kuchitengwa, anandinong'oneza kuti mwina alamu ake abweretsa wailesi yakanema.

Atamasula katoniyo tinapeza matawulo, ndipo m'kati mwa matawulomo munali kapoto kachitsulo kokhala ndi chiuno ngati mtondo, komasuka pakati. Munalinso kachigayo kopukusa ndi dzanja, timakapu ting'onoting'ono ngati ta ana osewera masanje, ndi mapaketi a njere zakuda zonunkhira. Fungo lake linadzaza chipinda chonse mpaka kugonjetsa la fodya limene tinalowa nalo. Mkazi wanga anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Achemwali anaona zonsezo koma sanakhumudwe. Anangoseka, nanena kuti tibwere m'mawa tisanapite kuchigafa.

Madzulo amenewo anatifotokozera za ntchito yawo, imene kwa zaka zonsezo ife tinkangoidziwa kuti ndi ya m'lesitilanti. Anayamba ndi kukolopa ndi kutsuka makapu m'sitolo ina yomwera khofi. Ankafika m'mamawa anthu ena asanafike, ndipo mayi mwini sitoloyo anazindikira kuti achemwali akamakolopa pafupi ndi makina a khofi ankachedwa dala, maso ali pa manja a wophika. Tsiku lina wophikayo atadwala, mayiyo anawaitana kuti ayese. Kuyambira pamenepo sanagwirenso chokolopera. Anaima pa makinawo mpaka tsiku limene anatsanzika, ndipo ankati panali makasitomala ena amene akapeza iwo palibe, ankabwerera pakhomo.

M'mawa ndinawapeza pakhonde, mbaula ili pambali, makala atayera phulusa pamwamba. Anati moto wa khofi suyenera kukhala wolusa. Anathira njere zodzaza m'dzanja m'kachigayo kaja n'kuyamba kupukusa, ndipo phokoso lake linali ngati la munthu woyenda pa mchenga wouma. Ufa umene unatuluka anautsina ndi zala, n'kundipatsa kuti nanenso nditsine. Sunali wosalala ngati ufa woyera, komanso sunali wamisere ngati mgaiwa, unali pakati. Anathira madzi otentha kale m'chigawo chapansi cha kapotoko, kulekezera pa kachitsulo kena kam'mbali, n'kuikapo kasefa. M'kasefamo anadzazamo khofi n'kusalaza ndi chala, osatsendera. Kenako anamanga zigawo ziwirizo atagwira ndi kansalu, n'kutereka, chivundikiro chili chotsegula.

Kwa kanthawi panalibe chochitika. Kenako pa kamlomo ka pakati panayamba kutuluka madzi akuda, olemera, otsetsereka pang'onopang'ono ngati uchi. Achemwali ankangoyang'anitsitsa. Mtundu uja utayamba kuyezuka ndipo kapotoko katangoyamba kuliza mkonono, anakaphula msanga n'kukakhazika pa nsalu yonyowa. Anati zimene zimatuluka pamapeto ndi zimene zimawawitsa khofi, ndiye uyenera kuzitsekereza zisanakwere.

Anandithirira m'kakapu kamodzi. Ine, munthu wozolowera chikapu chachikulu cha tiyi wa shuga wambiri, ndinaona ngati akundiseka. Ndinagugudiza kamodzi n'kamodzi, ndipo nkhope yanga inachita zimene imachita ikakumana ndi mankhwala a malungo.

"Iwe," anatero achemwali, poti pamene palibe anthu amanditchulabe choncho, "fodya akabwera m'manja mwako umangomuponya pamulu? Suyamba wamununkhiza, n'kumutambasula, n'kumuyang'ana padzuwa?"

Anandithiriranso pang'ono, n'kuikamo kashuga kapansonga ya supuni. Anandiuza kuti ndiyambe ndanunkhiza, ndimwe pang'ono, ndisunge m'kamwa ndisanameze. Kuwawa kunalipo ndithu, koma kumbuyo kwake kunali zinthu zina, china chonga mtedza wokazinga, china chonga chipatso chimene sindinathe kuchitchula dzina. Ndipo nditameza, kukomako kunakhalabe pakhosi mpaka ndinakafika kuchigafa. Tsiku limenelo ndinasankha fodya maso ali gwa.

Iwo eni ankanena poyera kuti wa m'kapotoyu si esipuleso weniweni. Weniweniyo, ankatero, amachokera m'makina aakulu amene amakankha madzi mwamphamvu kudutsa mu ufa wotsenderedwa, ndipo amatuluka ndi thovu lofiirira pamwamba. Wa m'kapoto ndi mng'ono wake chabe, koma mng'ono wolemekezeka ukamusamala. Sankanyoza tiyi wathu, ndipo akapita kucheza ankamwa chilichonse chimene apatsidwa n'kuthokoza. Koma pakhonde pawo ankafuna kuti chinthu chichitike bwino. Kapotoko sankakatsuka ndi sopo, ankangotsukuluza ndi madzi n'kukayanika chomasula. Njere sankagayiratu zambiri, ankagaya za nthawi yomweyo. Mkazi wanga achemwali anamukola ndi khofi wa mkaka. Ankatenthetsa mkaka osaulola kuwira, n'kuupukusa ndi kamtengo kopukusira phala mpaka utachita thovu, kenako n'kuuthira pa khofi mwaluso moti pamwamba pankaoneka ngati tsamba. Mkazi wanga ankachita manyazi kuliwononga tsambalo ndi milomo.

Chimene chinawavutitsa poyamba ndi madzi. Mjigo wa pafupi ndi nyumba zathu uli ndi kamchere, ndipo umasiya zoyera m'ketulo. Ife tinakula nawo, sitimva kanthu. Achemwali ankati madzi amenewo akuphimba khofi ngati bulangete. Anayamba kuyenda ndi kabotolo, kulawa madzi a pachitsime cha kudambo, a pamjigo wa pasukulu, a pamjigo wa kutchalitchi, mpaka anthu anayamba kufunsana ngati ku Joni sikunawasokoneze mutu. Pomaliza anasankha mjigo wa kumalire ndi esiteti ya fodya imene ili kumadzulo kwa mudzi wathu. Ndi kutali ndithu kwa munthu wa mawondo ovuta, koma ankapita okha ndi kachigubu kakang'ono, akuti kuyendako ndi mankhwala.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mayi wina wachitsikana, mkazi wa tenanti wa pa esitetipo. Banjalo linachokera kumapiri a ku Rumphi, ndipo Chichewa cha mayiyo chinali chosakanikira ndi Chitumbuka. Iye anadabwa kuona munthu wamkulu akudutsa mijigo ina kudzatunga kachigubu kamodzi, ndiye anafunsa. Achemwali atayankha kuti ndi madzi ophikira khofi, mayiyo anaseka mpaka kutula ndowa pansi. Anati kwawo khofi ndi munda, bambo ake ali ndi mitengo yake kuseri kwa nyumba, ndipo iye anakula akuthyola zipatso zake m'nyengo yozizira zala zitachita dzanzi.

Nthawi imeneyo njere za ku Joni zinali zitatsala pang'ono. Ndinali nditawagulira khofi ku Kasungu paboma, wa m'chitini wongosungunula uja ndi wina wogayagaya wa m'paketi. Anandithokoza, koma wa m'paketiyo atamununkhiza anati anagayidwa kalekale, fungo linathawa. Choncho mayi wa ku Rumphi uja akupita kwawo ku ukwati wa mng'ono wake, achemwali anamupempha kuti akapezeko ngakhale pang'ono. Anabwera ndi kathumba ka zipatso za khofi zouma ndi makoko ake, zakuda, zolira gobedegobede ukazigwedeza. Anati bambo ake anadabwa kumva kuti kuli munthu ku Kasungu amene akufuna khofi woti amwe yekha.

Apa m'pamene ndinawadziwa bwino achemwali anga. Anatiuza tonse mosabisa kuti iwo sanakazingepo khofi chibadwire. Ku sitolo kuja ankabwera wokazingakazinga m'matumba, ndipo njere yaiwisi anali asanaigwirepo. Munthu amene anthu ankamuimira pamzere ku Kepetawuni anakhala pamkeka n'kumafunsa mafunso ngati mwana wa sukulu. Mayi wa ku Rumphi anawaonetsa kusinja zipatsozo mumtondo mosaphwanya njere, musi ukungogwa ndi kulemera kwake kokha. Anapeta m'lichero mpaka makoko onse atauluka, n'kutsala njere zotuwa mobiriwira, zonunkha ngati udzu wouma. Zofumbwa ndi zosweka anazitola n'kutaya.

Kukazinga koyamba kunalephereka. Anagwiritsa ntchito chiwaya chachitsulo chopyapyala, ndipo njere zinapserera kunja m'kati zili zaziwisi. Utsi unadzaza khitchini, tonse tinatuluka tikutsokomola. Achemwali anagaya pang'ono n'kulawa, kenako analavula kuseri kwa nyumba mwaulemu. Ndi mkazi wanga amene anapeza njira. Anati mtedza sakazingira m'chiwaya chotere ukafuna kuti upse mofanana, ndipo anapita kukatenga phale lake la mphika wadothi wosweka. Phalelo limachedwa kutentha, koma likatentha limasunga moto mofatsa. Anakhala pansi n'kuyamba kutakasa ndi mthiko mosalekeza, achemwali atagwada pambali ngakhale mawondo ankawawa, mphuno ili pafupi ndi phale. Njere zinasanduka zachikasu, kenako zofiirira, timankhusu tikuuluka. Kenako zinayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Achemwali anadikira pang'ono kuthetheka kuja kutachepa, n'kunena kuti aphule. Mayi wa ku Rumphi anali atakonzeka ndi lichero, ndipo anazipeta mumphepo mpaka zitazizira.

Ine anandiitana kuti ndidzagwire ntchito imene ndimaidziwa. Maso anga anakulira pa kusiyanitsa mitundu ya tsamba la fodya, lofiira, lotuwa, lachikasu ndi lija louma lidakali ndi kaubiriwiri. Anandiyalira njerezo pa lichero kuti nditole zoyezuka ndi zopserera. Ndinaigwira ntchitoyo mokondwa kuposa mmene ndinkafunira kuti aone. Nditamaliza ndinafunsa ngati tiphike pompo, koma achemwali anakana. Anati chimene akuchidziwa n'chakuti khofi wongochoka pamoto amafunika agone kaye masiku angapo m'botolo lotseka bwino, mtima wake ukhazikike.

Tsiku lolawa linali Lamulungu masana titaweruka kutchalitchi. Mayi wa ku Rumphi anabwera ndi mwana kumbuyo, n'kukhala pansi m'mphepete mwa khonde monga amachitira matenanti akafika pakhomo pa eni mudzi. Achemwali anamudzutsa n'kumukhazika pampando, pafupi ndi iwo. Anaphika mwa nthawi zonse, kenako anamuthirira mkaka wa thovu uja. Mayiyo anagwira kakapuko ndi manja awiri. Anamwa pang'ono, n'kuyang'ana m'kapumo.

"Amama," anatero, "ine ndathyola khofi kuyambira ndisanagweruke mano. Tinkangosenza kupita naye kokagulitsa. Sindinkadziwa kuti adada amalima chinthu chotere."

Achemwali anamufunsa ngati kwawoko sankamwa n'komwe. Iye anati nthawi zina amayi ake ankakazinga otsalira mpaka kuda bii, n'kuwiritsa mumphika ngati mankhwala, ndipo ana ankathawa. Bambo ake ankakonda tiyi.

Kuyambira tsiku limenelo mayiyo ankabwera Lamulungu lililonse. M'mudzi munali manong'onong'o. Kwathu kuno matenanti timakhala nawo pafupi, timapemphera nawo, koma si kawirikawiri kuwaona atakhala pampando pakhonde la munthu. Mayi wina wa kumpingo anawafunsa achemwali mozungulira ngati sakuopa kuzoloweretsa anthu obwera. Mkazi wanga, amene analipo, anandiuza kuti achemwali anayankha mosakweza mawu kuti iwonso akhala obwera kwa eni ake zaka zambiri, ndipo amakumbukira nkhope ya munthu aliyense amene anawapatsapo mpando. Kenako anamuthirira mayi wofunsayo khofi wa mkaka, ndipo nkhani inathera pomwepo. Patapita nthawi iyenso anayamba kumabwera Lamulungu.

M'dzinja la chaka chimenecho kapoto kanadwala. Kamphira kozungulira kamene kamatseka pakati kanauma n'kung'ambika, ndipo nthunzi inayamba kuthawira m'mbali. Ine ndinati zimenezo n'zazing'ono. Ndinapita kwa wokonza njinga pamsika wa Santhe, ndipo tinadula kamphira kofanana ndendende kuchokera ku chubu chakale. Kanatseka bwino kwambiri. Koma khofi amene anatuluka ankanunkha ngati tayala lopsa, moti achemwali anaseka mpaka misozi, akuti tsopano tamwa njinga. Podikira kuti mwana wawo atumize timphira tenitweni kudzera kwa anthu a mabasi a ku Joni, anasoka kathumba ka nsalu yoyera n'kukamangirira pa waya wopinda mozungulira. Ankagaya khofi mokulirapo, n'kuthira madzi amene angophulidwa kumene n'kupuma pang'ono. Poyamba ankangonyowetsa ufawo n'kudikira kuti ufufume, kenako n'kumathira mozungulira pang'onopang'ono. Khofi wake anali wopepuka, woyera m'kamwa, ndipo kachipatso kaja kankamveka kwambiri. Madzi a mvula a padenga la malata, amene ankatchera m'ndowa yoyera mvula yoyamba itatsuka fumbi, anamukometsanso. Ndinazindikira kuti luso lawo silinali m'kapoto.

Timphira tinafika, kapoto kanachira, ndipo chaka chinazungulira. Koma msika wa fodya utatsekedwa, mwini esiteti uja analengeza kuti akuchepetsa fodya, ayamba soya, ndipo mabanja ambiri a matenanti abwerere kwawo. Banja la mayi wa ku Rumphi linali m'gulu lomwelo. Anabwera kudzatsanzika m'mawa wina, lole yowanyamula ikuyembekezeka masana. Achemwali anaphika khofi, tinamwa. Kenako anatsukuluza kapoto kaja, n'kukapukuta bwinobwino, n'kukakulunga m'tawulo pamodzi ndi timphira totsala ndi timakapu tiwiri. Anaika mtolowo m'manja mwa mayiyo.

Mayiyo anakana, n'kubweza mtolowo, akuti sangatenge chinthu chimene chinachokera kutali chotero. Nanenso ndinalowererapo, ndinati achemwali aganize bwino, poti kuno kulibe sitolo yogulitsa zoterezi.

"Achimwene," anatero, poti panali anthu, "kuli bambo kumapiri uko amene wakalamba akulima khofi osamulawa. Ine ndamwa wokwanira. Mwana wangayu waona mmene ndimachitira, akawaphikira."

Kachigayo sanapereke, poti anati kumeneko kamtondo ndi sefa zikwanira ngati munthu ali wodekha, ndipo anali atamuonetsa kale kusinja ndi kusefa mpaka ufa ufike pa msinkhu wake. Mayiyo anagwada n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo. Tinamuperekeza mpaka pamjigo paja.

Tinabwerera ku kathumba ka nsalu, ndipo sindinawamvepo achemwali akudandaula. Patapita milungu ingapo foni inalira. Anali mayi uja, ndipo anapereka foniyo kwa bambo ake. Ine Chitumbuka ndimachimva pang'ono, poti kumpoto kwa boma lathu chimayankhulidwa, choncho ndinkamasulira pamene achemwali asochera. Mkuluyo anati kapu yoyamba inamuwawa, yachiwiri anaimvetsa, ndipo tsopano anzake a m'mudzi akumabwera kudzaona kapoto kolira mkonono. Anati wasankha mitengo ingapo ya pamthunzi wa nthochi, imene zipatso zake zimapsa mochedwa, ndipo imeneyo sadzagulitsanso. Ndi ya pakhomo pake ndi ya mayi wa ku Kasungu. Kuyambira chaka chimenecho kathumba kamafika pa basi nyengo ya khofi ikatha, ndipo ife timatumiza mtedza ndi nyemba pa basi yobwerera.

Mwana wa achemwali atamva kuti amayi ake apereka kapoto, sanakwiye. Anawatumizira kamakina kena kakang'ono kopanda magetsi, kokhala ndi mikono iwiri imene umaikanikiza pansi ndi manja. Kameneka kamafuna ufa wosalala kwambiri, wotsenderedwa bwino ndi kachitsulo kake, ndipo kanatenga masiku kuti achemwali akapeze mtima. Ufa ukakula, madzi ankangodutsa ngati pa mchenga. Ukasalala mopitirira, mikono inkakana kutsika. Tsiku limene zinatheka, khofi anatsika ngati kamchira ka mbewa, n'kudzaza theka la kakapu, pamwamba pali thovu lofiirira losaphwa msanga. Anandipatsa ine woyamba. Masiku ano manja awo ayamba kufooka, ndiye kupukusa kachigayo ndi kukanikiza mikonoyo ndi ntchito yanga, iwo amangoyang'ana mtundu n'kundiuza poleka.

M'nyengo yozizira yapitayi, fodya nditagulitsa, achemwali anandiuza chinthu chimene sindinkachiganizira. Anati pa moyo wawo wonse sanauonepo mtengo wa khofi uli ndi zipatso, koma pa zithunzi za pa mapaketi. Anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Rumphi mawondo asanakaniretu. Tinakwera basi, kenako galimoto yaing'ono yokwera mapiri, msewu wokhotakhota umene unandichititsa nseru ine munthu wa kuchigwa. Kwathu kuno maso amaona kutali popanda chowatchinga, koma kumeneko kulikonse kumene wayang'ana ndi phiri, ndipo nkhungu imayenda pakati pa nyumba ngati mbuzi.

Anatilandira ngati abale. Mkulu uja anali wamfupi, wa imvi mutu wonse, wovala jekete ndi chipewa cha ubweya. Ine ndi iye tinagwirizana msanga, poti alimi sasowa chodandaulirana, za feteleza, za mvula, za ogula amene amapeza chilema pa mbewu imene iwe waisamala chaka chonse. Mwana wake, mayi uja, anaphika khofi m'kapoto kaja, kamene tsopano kanada kunsi ndi utsi wa nkhuni. Ndinaona achemwali akumuyang'anitsitsa manja, ndipo ataphula pa nthawi yake n'kukhazika pa nsalu yonyowa, iwo anangogwedeza mutu pang'ono n'kuyang'ana kumbali.

M'mawa mwake mkuluyo anatitengera kumunda. Unali pamalo otsetsereka kuseri kwa nyumba, ndipo achemwali anatsika atagwira phewa langa mbali ina, ndodo mbali ina. Mitengoyo sinali yaitali, inkangondipitirira pang'ono, masamba ake obiriwira monyezimira, onyowa ndi mame. M'nthambi zake munali zipatso zothithikana, zina zobiriwira, zina zachikasu, zina zofiira ngati magazi. Mkuluyo anathyola chimodzi chofiira kwambiri n'kuwapatsa, akuwauza ndi manja kuti aike m'kamwa. Anazengereza, kenako analuma. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Chikutsekemera," anatero, akulavulira njere ziwiri zoterera m'dzanja. "Zaka zonsezi palibe anandiuzapo kuti n'chotsekemera."

Anapempha kabeseni. Mkuluyo anawaonetsa kupotokola chipatso chakupsa osathyola kaphesi kake, kuti chaka chamawa pamalopo padzaberekenso. Ine ndinawakumbutsa za mawondo, koma anandiuza kuti ndipite ndikacheze ndi amuna anzanga. Anawapezera kampando, n'kukhala pansi pa mtengo umodzi pamodzi ndi mayi uja, akuthyola nthambi za m'munsi, uku akufunsa za maluwa ake, za nthawi imene amatuluka ndi mmene amanunkhira. Mayiyo anati ndi oyera, amabwera ndi mvula yoyamba, ndipo fungo lake limafika mpaka kumsewu. Dzuwa litakwera nkhungu n'kubalalika, ndinapita kukawaitana kuti adzadye. Kabeseni kanali kasanadzaze, ndipo anandiuza kuti ndiwasungire chakudyacho, abwera akamaliza nthambi imene anaiyamba.